Galimoto silephera COF chifukwa cha ukalamba

Nyengo yokolola ikafika, pa Lizulu, pa Bembeke ndi pa Jenda pamadzaza mapikapu akale odikira katundu wa alimi. Ambirife timangofunsa kuti thumba ndi ndalama zingati. Za COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, sitifunsa n'komwe.

Eni galimoto ena amati galimoto yakale singapambane ku Road Traffic, choncho kupita nayo kokayezetsa n'kutaya nthawi. Ine ndikukana.

N'zoona kuti Peugeot 504 inayamba kupangidwa mu 1968 ndipo Nissan 1400 anasiya kuipanga ku South Africa mu 2008. Koma chimene chimalepheretsa galimoto si chaka chimene inapangidwa ayi. Ndi mabuleki, matayala, nyali, chiwongolero, mawaipala ndi dzimbiri la kunsi kwake. Zambiri mwa izi makanika wa pamsika amatha kukonza. Galimoto yakale yosamalidwa imapambana chaka ndi chaka, pamene ina ya zaka zochepa imalephera chifukwa cha matayala osalala.

Chimene chikupha magalimotowa ndi katundu. Nissan 1400 inapangidwa kuti izinyamula katundu wongopitirira pang'ono theka la tani, kutanthauza matumba 11 kapena 12 a makilogalamu 50. Ife timakwezamo matumba 20, eni matumbawo n'kukhala pamwamba. Masipuling'i amagona, matayala amatentha, ndipo pamtsetse ngati wa Khwekhwerere mabuleki amatha mphamvu.

Chipepala chokha sichikwaniranso. Alipo ena amene amabwereka matayala abwino patsiku loyezetsa n'kukabweza madzulo ake. COF imanena za tsiku limene galimoto inayezedwa, osati za lero.

Woluza ndi mlimi. Galimoto ikafa panjira kapena ikagwidwa pa rodibuloko, tomato amalala padzuwa, kabichi amafota, koma ngongole ya feteleza siichepa. Mwini galimoto amakonza n'kupitiriza bizinesi yake, inu mwataya thukuta la miyezi inayi.

Choncho alimi anzanga, musanakweze dengu ngakhale limodzi, onani ngati COF ndi inshuwalansi sizinathe masiku. Zungulirani galimotoyo muone matayala onse, ndi lapadera lomwe. Muuzeni dalaivala aponde buleki ndi kuyatsa nyali inu mukuona. Akakwiya, dikirani ina. Mukakhala m'kalabu, gwirizanani zochita hayala galimoto imodzi yodalirika ngakhale ikwereko mtengo pang'ono.

Paja akulu anati safunsa anadya phula.