Makompyuta athu akale tisawataye, koma tisawasiye pa Windows 10

Pa 14 October 2025, kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zokonza zaulere za chitetezo ku makompyuta a Windows 10. Tsikulo palibe kompyuta yomwe inazima. Imayakabe, Word imatsegukabe, pulinta imasindikizabe, n'chifukwa chake ambiri sitinaone vuto lililonse. Koma vuto lilipo, ndipo likukula mwezi ndi mwezi. Maganizo anga ndi akuti aphunzitsi, makolo ndi akomiti ya mzikiti tikhale pansi teremu ino, tigwirizane chochita ndi kompyuta iliyonse payokhapayokha.

Windows ndi pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa mapulogalamu ena onse m'kompyuta. Akuba a pa intaneti amakhalira kufufuza ming'alu yoti alowerepo, ndipo mwezi uliwonse Microsoft imatumiza zomatira ming'aluyo. Windows 10, yomwe inatuluka mu 2015, tsopano ili ngati nyumba yomwe mmisiri wasiya kuimata: mng'alu ukapezeka lero, ukhala choncho. Mu May 2017, vairasi yotchedwa WannaCry inatseka mafailo m'makompyuta a m'maiko oposa 150, mpaka zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala. Chomatira mng'alu womwe vairasiyo inalowerapo chinali chitatuluka kale mu March chaka chomwecho, koma ambiri anali asanachiike. Amenewo anali ndi chomatira, anangochedwa. Ife a Windows 10 sitikulandira n'komwe.

Taganizirani zomwe kompyuta ya mu ofesi ya sukulu imasunga: mayina a ana, malikisi awo, manambala a foni a makolo, omwe alipira fizi ndi omwe akuthandizidwa chifukwa kwawo zinthu n'zovuta. Makolo anatipatsa zimenezi potikhulupirira. Zikatayika kapena zikagwera m'manja mwa anthu achinyengo, sitingadzikhululukire ponena kuti kompyutayo inkaoneka yabwinobwino.

Kusamukira ku Windows 11, yomwe inatuluka mu October 2021, n'kwaulere ngati Windows 10 yanu ndi yovomerezeka. Chovuta n'chakuti Windows 11 imasankha. Imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu okwana 64 GB, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Imafunanso processor yatsopanoko. Kwa a Intel, kawirikawiri ndi kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, womwe unayamba kutuluka mu 2017. Makompyuta ambiri omwe masukulu amalandira ngati mphatso amakhala atagwira kale ntchito zaka zambiri m'maofesi, choncho ena sangakwanitse. Pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa PC Health Check imakuuzani pa mphindi zochepa ngati kompyuta ikukwanira.

Pali mayankho awiri omwe ndikuwakana. Loyamba ndi loti tigule makompyuta atsopano okhaokha. Ndalama zimenezo zichokera m'matumba a makolo omwewa komanso mwa anthu akufuna kwabwino, pomwe mabuku, madesiki ndi zipangizo za sayansi zikudikiranso. Kompyuta yomwe ikuyaka, kulemba ndi kuwerengera sinafe chifukwa choti Windows 11 yaikana.

Lachiwiri ndi loitana katswiri wa pamsika kuti aikakamize Windows 11, kapena aikemo Windows yobera. Njira zolambalalira malamulowo zilipodi, koma Microsoft inanena poyera kuti kompyuta yotero siikulonjezedwa kulandira zokonza. Tikhoza kulipira munthu n'kubwerera pomwe tinali. Windows yobera ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa sitidziwa zomwe woibayo anabisamo, komanso sitingaphunzitse ana kukhulupirika pa makina oyendera katundu wakuba. Safunsa anadya phula.

Njira yomwe ndikuiona ndi iyi. Choyamba, mafailo onse ofunika akopedwe pa hard drive yapadera, ndipo wina atsimikize kuti akutseguka, tisanakhudze china chilichonse. Kenako kompyuta iliyonse iyesedwe ndi PC Health Check, zotsatira zilembedwe pa pepala loti akomiti alione. Zomwe zakwanira zisamukire ku Windows 11. Failo yake ndi ya magigabaiti angapo, choncho itsitsidwe kamodzi, iikidwe pa fulashi ya 8 GB, igwire ntchito pa makompyuta onse m'malo motha bandulo pa iliyonse. Ntchitoyi ichitike pa holide, tsiku loti magetsi ndi odalirika, chifukwa akathima pakatikati kompyuta ikhoza kukana kuyaka. Ngati china chavuta, monga pulinta kukana, Windows imapereka masiku 10 oti mubwerere ku yakale.

Ofesi ndi yomwe iyenera kulandira kompyuta yotetezeka kwambiri. Ngati pa makompyuta onse palibe yokwanira, ndalama zochepa zomwe zilipo zigulire imodzi ya mu ofesi, ndipo zithere pomwepo. Microsoft ili ndi ndondomeko yowonjezera nthawi yotchedwa Extended Security Updates, koma ndi yakanthawi chabe. Ingatipatse mpata wopuma, singatichotsere ntchitoyi.

Zomwe Windows 11 yazikana tiziike Linux, monga Linux Mint kapena Ubuntu. Ndi yaulere mwalamulo, imalandira zokonza za chitetezo, ndipo imayenda bwino pa makina akale. LibreOffice, yomwenso ndi yaulere, ili ndi Writer yolembera ndi Calc yowerengera, ndipo imatsegula mafailo a Word ndi Excel.

Ena afunsa kuti, nanga poti mabuku ambiri a Computer Studies amaonetsa zithunzi za Windows, ana sasokonezeka? Funsoli ndi lomveka. A Folomu 4 omwe akukonzekera MSCE apatsidwe makompyuta a Windows poyamba, kuti azolowere zomwe aziona m'mabuku. Koma kulemba kalata, kusanja tebulo ndi kuika fomula ndi luso limodzi kulikonse. Mwana amene wagwirapo mitundu iwiri sachita mantha mabatani akasuntha, ndipo Windows 11 nayo tsiku lina idzasiyidwa monga zinachitikira Windows 7 mu January 2020.

Ophunzira a kalabu ya makompyuta angathe kuyesa makina ndi kulemba zotsatira, aphunzitsi akuwayang'anira. Makolo omwe muli ndi laputopu kunyumba, onani Windows yomwe ilimo, makamaka ngati mumalowerapo ku banki. Akuluakulu a komiti, musanavomereze ndalama iliyonse ya makompyuta, funsani kaye pepala lija, ndipo funsani ngati mafailo a mu ofesi akopedwa kale.