Tuta sitha ndi kupopera kokha: boma litibweretsere adani ake

Alimi anzathu a m'madimba a ku Kamwendo, Mkanda, Kapiri ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Bua, mbozi ya tuta mukuidziwa bwino kuposa wina aliyense. Mukudziwanso langizo lomwe timalandira tikadandaula: poperani. Mankhwala akakanika akuti sinthani, gulani ena amphamvu. Ife a bungwe la alimi tikuti langizo limeneli latisaukitsa mokwanira.

Kagulugufe kameneka, komwe akatswiri amakatcha Tuta absoluta, kwawo ndi ku South America. Kanafika ku Spain mu 2006, ku Kenya ndi ku Tanzania mu 2014, ndipo pofika 2016 kanali katalowa m'Zambia, kwa anansi athu omwe timagulitsana nawo tomato tsiku ndi tsiku pa Mwami. Kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira mpaka 260, ndipo kumalo otentha mibadwo yake imafika khumi pa chaka. Mbozi ikangoswa imaboola tsamba nkukakhala m'kati, kenaka imalowa m'chipatso. Mankhwala ambiri omwe timagula m'magolosale amangonyowetsa pamwamba pa tsamba, mwini wake ali phee m'kati. Amene amafa ndi akangaude, mavu ang'onoang'ono ndi tizilombo tina timene tikanadya mazira ake. Choncho mlimi wataya ndalama kupha alonda a munda wake, wakuba nkumusiya. Komanso ku Brazil ndi ku Italy zinatsimikizika kale kuti mboziyi imafika pozolowera mankhwala, ngakhale okwera mtengo aja.

Kafukufuku wa bungwe la CABI yemwe anatuluka mu 2019 anapeza kuti pafupifupi alimi onse omwe anafunsidwa ku Zambia ankadalira kupopera, koma dzikolo linkatayabe tomato wokwana matani 10,700 pa nyengo imodzi. Nanga ife tidzapambana bwanji ndi njira yomwe inakanika kwa anzathu a ku Chipata?

Njira ina ilipo. Ku Peru kuli mtundu wa mavu ochepa ngati nyerere, otchedwa Dolichogenidea gelechiidivoris, omwe saluma munthu. Amaikira dzira m'thupi la mbozi ya tuta, ndipo mwana wake amaidya m'kati mpaka kuipha. Bungwe la icipe la ku Nairobi linawaitanitsa, linawayesa, ndipo mu 2020 linawamwaza m'minda ya alimi ku Kirinyaga m'dziko la Kenya. Palinso kachilombo kobiriwira kotchedwa Nesidiocoris tenuis komwe kamayamwa mazira ndi mbozi zazing'ono. Aka nkofunika kukayang'anira, chifukwa chakudya chikasowa kamayamba kuyamwa tomato yemweyo.

Ena akuti izi nzachizungu, kuno sizingatheke. Aiwala msanga. M'zaka za m'ma 1980 kodikodi atasakaza chinangwa ku Nkhata Bay, anthu nkugona ndi njala, sanamugonjetse ndi mpope. Boma mogwirizana ndi bungwe la IITA linamwaza mavu ena ochokera ku South America komweko, ndipo chinangwa chinabwerera. Ngati zinatheka nthawi imeneyo, lero chikuletsa nchiyani?

Chomwe tikuona ife nchakuti mavu alibe wowatsatsa malonda. Botolo la mankhwala lili ndi wogulitsa amene amapindula sabata iliyonse, pomwe mavu akangokhazikika amaswana okha, mlimi osalipira kanthu. Mlimi payekha sangawaitanitse kuchokera kunja, pamafunika chilolezo, kuwayesa ndi malo owaswetsera. Imeneyi ndi ntchito ya boma, ndipo malo a kafukufuku a Chitedze ali pamsewu wathu womwewu wopita ku Lilongwe. Tikupempha Unduna wa Zamalimidwe kuti utiuze poyera: mavuwa afika liti m'madimba a Mchinji? Tikupemphanso kuti ukambirane ndi a ku Zambia, pakuti kagulugufe sikadinditsa chiphaso pa Mwami.

Nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo njovutirapo. Mavu sangakhale m'dambo momwe mmodzi wasiya kupopera koma oyandikana naye akuthira sipa kawiri pa sabata. Makalabu agwirizane dambo lonse. Tizule ndi kukwirira mozama zotsalira tikatha kukolola, titole tomato woboola, tisabwereze tomato, mbatatesi kapena mabiringano pamalo amodzi, ndipo tichotse mnadzi womera pafupi chifukwa mbozi imabisalamo. Pamene kupopera kwafunikadi, tifunse alangizi za mankhwala a Bt omwe amapha mbozi koma osapha mavu.

Atsogoleri a makalabu abweretse nkhaniyi pa msonkhano wotsatira wa komiti ya ulimi ya m'dera lawo, ndipo alembe maina a madambo omwe ali okonzeka kuyamba.