Mwana akamajambula ndi dothi, makala ndi thumba la feteleza

Makolo ambiri ku Tsangano ndi ku Macanga aionapo nkhani iyi. Mwana waweruka kusukulu, ndipo m'malo mothamangira kudimba kukathirira kachewere, wakhala pakhonde ndi katoni yakale. Akupakapo katondo, akudetsa ndi makala, akumatapo chigamba cha chitenje, nthenga za nkhanga ndi kachidutswa ka thumba la feteleza. Bambo akafika amafunsa funso limodzi: kodi zimenezi tidya? Funsoli n'loyenera ndipo sitilizemba, koma tiyambe taona chimene mwanayo akuchita.

Kusukulu za luso ku Maputo njira imeneyi amaitcha técnica mista, kutanthauza kusakaniza utoto ndi zinthu zina pa chithunzi chimodzi. Kuno mwana amaiyamba asanamve n'komwe dzinalo, chifukwa utoto wa m'machubu sapezeka pamsika uliwonse. Woufuna ayenera kutumiza munthu kumzinda wa Tete kapena kuoloka malire. Choncho amatola zimene zili pafupi. Ena amaona ngati ndi umphawi chabe, koma mbiri ya dziko lathu ikusonyeza kuti zotolatola zotere zafikitsa anthu kutali.

Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, mfuti zambiri zinatsala m'manja mwa anthu. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito ya Transformação de Armas em Enxadas. Munthu ankapereka mfuti n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo ankazidula, ndipo zidutswa zake anazipereka kwa amisiri a ku Núcleo de Arte ku Maputo. Mmodzi wa iwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anawotcherera zidutswazo n'kupanga mpando umene lero uli ku British Museum ku London. Wina ndi Gonçalo Mabunda, wobadwa mu 1975, amene panthawiyo anali mnyamata. Mipando ndi nkhope zake za zipolopolo ndi mipope ya mfuti zinakaonetsedwa mpaka ku Venice. Ife a kumalire, amene makolo athu anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza chifukwa cha mfuti zomwezo, sitifunika wotimasulira. Chimene chinagwira anthu mtima ndi chitsulo chenichenicho, choti chinakhalapo m'manja mwa msilikali. Thumba la feteleza nalonso lili ndi nkhani yake kwa mlimi wa fodya wa ku Furancungo amene analitenga pangongole n'kudikira tsiku logulitsa kuti aone chotsala.

Komabe sitiyenera kupita ku Maputo kukapeza chiyambi cha lusoli. Amayi akamazira nyumba m'chilimwe amadziwa kumene kumapezeka dothi loyera, lofiira ndi lakuda, ndipo ena amakongoletsa khoma ndi maluwa ndi mizere. M'mapiri a Chongoni ku Dedza, tsidya lina la malire a Angónia, muli malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Zina mwa zojambula zoyera kumeneko anazipaka ndi dothi Achewa, pa miyambo ya chinamwali. Ndipo aliyense amene anaimapo pabwalo gule atatuluka anaona ndi maso ake mtengo, utoto, nthenga, khonje, masanza ndi makoko a chimanga zitalumikizana kukhala chilombo chimodzi. Za kudambwe sitikamba pano. Tikungonena zimene ngakhale mlendo amaona.

Apa mpamene pali vuto limene achinyamata ojambula ayenera kuliganizira asanakumane nalo. Chiyambire 2005, pamene UNESCO inalengeza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambiki ndi Zambia kukhala chuma cha anthu onse a padziko, anthu akunja ofuna zithunzi ndi zosema za nyau alipo ndithu. Mnyamata wofuna ndalama msanga adzaona kuti chithunzi cha kasiyamaliro chikoka maso a mlendo kuposa chithunzi cha amayi akukumba mbatata. Ine ndikuona kuti kujambula gule monga amaonekera pabwalo si mlandu. Koma kutenga chinthu chimene chinavinapo pamaliro n'kuchimata pa thabwa kuti chikagulitsidwe, kapena kujambula zimene wosavinidwa sayenera kuona, ndi nkhani ina, ndipo idzathera kwa amfumu. Mfuti za Mabunda eni ake anazipereka mwa kufuna kwawo. Wojambula wa kuno afunse kaye akuluakulu a mudzi, ndipo akakanizidwa amve. Ku Tsangano, kumene Angoni ndi Achewa akhala pamodzi kwa mibadwo, zojambula zina zilipo zambiri zosafuna chilolezo cha munthu.

Tibwerere ku funso la bambo aja. Kunena zoona, ana ambiri ojambula sadzadya zithunzi monga momwe banja limadyera kachewere kapena fodya. Ogula zithunzi zopachika pakhoma ali ku Maputo, ku Lilongwe ndi m'malo ofikira alendo, osati pamisika yathu. Chitsanzo chapafupi cha luso lodyetsa anthu akumudzi chili ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976. Kumeneko osema ndi ojambula aphunzitsidwa kwa zaka zambiri ndipo amagulitsa ntchito zawo pamalo amodzi odziwika. Chinathandiza si luso lokha, koma malo amene wogula akudziwa kuti akafika apeza katundu. Mbali yathu ino ya malire, mnyamata waluso nthawi zambiri amathera polemba zikwangwani za magolosale ndi mabala. Ntchitoyo si yonyozeka, imagula sopo, koma sim'patsa mpata woyesa zake.

Pali khomo limodzi lotseguka kale limene siligwiritsidwa ntchito mokwanira. Maphunziro a pulayimale amene anayamba mu 2004 anapatula magawo 20 pa 100 a nthawi yophunzira kuti akhale a currículo local, zinthu za m'dera limene sukulu ili. Mphunzitsi wa Educação Visual amene akudandaula kuti alibe utoto angathe kuitana mayi wodziwa kuzira nyumba kuti aonetse ana kumene amakumba dothi loyera ndi momwe amalisungunulira. Chofunika kugula ndi guluu wa matabwa yekha, chifukwa dothi lopanda chomatira limasweka n'kuyoyoka likauma, ndipo katoni yosiyidwa pansi chiswe sichiichedwetsa. Makolo a m'makhonsolo a sukulu ali ndi mawu pa zimene zimalowa mu currículo local, ndipo pamsonkhano wotsatira angathe kufunsa ahedi kuti nthawi imeneyo chaka chino yagwira ntchito yanji.