Makina a oksijeni afika pakhomo, nanga magetsi akathima?

Mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta, zipatala zathu zidasowa mpweya wa oksijeni. Pa 12 mwezi umenewo tidataya nduna ziwiri tsiku limodzi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama. Kuyambira nthawi imeneyo makina opanga oksijeni adadziwika, ndipo lero mabanja ena akuwasunga pakhomo, ena atachita kutumiziridwa ndi ana awo a ku Joni.

Koma abale ndi alongo, makinawa sasunga mpweya ngati silinda. Amakoka mpweya wa m'chipinda, momwe oksijeni ndi magawo 21 pa 100, n'kuusefa kuti apitirire magawo 90. Magetsi akangothima, mpweya wathera pomwepo.

Apa ndi pomwe ife a ku Chinguluwe tiyenera kuganiza mofatsa. Tikukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Ngakhale ku Nanjoka kuno ku Salima kuli malo opanga magetsi a dzuwa a mamegawati 60, magetsiwo amapita m'mawaya a dziko lonse, sasungidwira wodwala wathu. Makina a malita 5 pa mphindi amadya mawati pafupifupi 350. Kasola kotchajira foni sikangawayendetse usiku wonse. Choncho musanawalandire, funsani adokotala ku chipatala cha boma cha Salima za silinda yapadera, ndipo mudziwiretu galimoto yomwe inganyamule wodwala pakati pa usiku. Jenereta ikhale panja, utsi wake umapha.

Ngozi yaikulu imabwera mdima ukagwa, pomwe dzanja limathamangira machesi. Oksijeni amatsalira m'zofunda, m'neti, ngakhale mu ndevu za bambo, ndipo kamoto kochepa kamalilima nthawi yomweyo. Kandulo, koloboyi ndi mbaula zisalowe m'chipindamo, gwiritsani tochi. Kuzonda wodwala ndi sunnah, inde, koma lubani afukizidwe kwina, ndipo wosuta fodya akasutire kutali, kaya ndi amalume. Mphuno zikauma musapake Vaseline.

Kuchuluka kwa malita amalamula ndi dokotala, osati mlendo wachifundo amene wabwera kudzachita dua. Wodwala akayamba kubanika kapena milomo ikada makina ali chiyakire, musapotokole kabatani. Thamangirani naye kuchipatala. Kasefa ka kumbuyo muzikatsuka sabata iliyonse, makamaka miyezi ya fumbi, ndipo kaume kaye musanakabwezeretse.