Tsitsi si chipangizo choyezera magazi

M'midzi yathu ya kuno ku Diamphwe, kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje, muli madokotala ambiri amene sanapondeko sukulu ya udokotala. Iwowa amayeza anthu ndi maso. Akangoona mnzawo tsitsi lapepuka kapena layamba kuthothoka, nkhani imabuka pamjigo yoti "uje ali nako". Chomvetsa chisoni n'choti ena mwa madokotala amenewa ndi ife tomwe a m'magulu a achinyamata, amene timachita zisudzo zodzudzula mchitidwe wosalana.

Maganizo amenewa ali ndi pochokera. Boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004, anthu ambiri odwala Edzi ankaonda kwambiri, tsitsi n'kupyapyala ngati la khanda. Makolo athu anaziona zimenezo ndipo sanaziiwale. Koma chimene chinkathothola tsitsi chinali kudwala kwa nthawi yaitali ndi kusowa kwa chakudya m'thupi. Lero munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV koma akumwa mankhwala mwandondomeko amakhala wathanzi, tsitsi lili gwa. Ngakhale amene ali nako koma sakudziwa akhoza kukhala zaka zambiri osaonetsa chizindikiro chilichonse. Apa ndiye pali ngozi, achinyamata anzanga: amene amaweruza poona tsitsi amasala mnzake wopanda kachirombo, kenaka n'kukagona mosadziteteza ndi wina chifukwa choti ali ndi tsitsi labwino.

Nanga chimathothola tsitsi n'chiyani? Choyamba dziwani kuti munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, choncho lochepa lotsalira pachipeso lisakudetseni nkhawa. Likamathothoka lambiri, nthawi zambiri thupi limakhala kuti linadutsa m'mavuto miyezi iwiri kapena itatu yapitayo: malungo aakulu, chifuwa chachikulu, kutaya magazi, nkhawa ya maliro, kapenanso kubereka. Mtsikana amene wachira kumene akhoza kuona tsitsi likuyoyoka mwana ali ndi miyezi itatu. Limeneli limameranso lokha, kungoti limafuna kudekha, pakuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi yokha pamwezi.

Kuchepa kwa magazi ndi kuperewera kwa zakudya zomanga thupi nakonso kumapepula tsitsi. Dera lathu limalima mtedza, soya ndi nyemba zambiri, koma timagulitsa zonse kwa mavenda, ife n'kutsala ndi nsima ya masamba. Mwana akatupikana, tsitsi n'kufiira ndi kupyapyala, ena amathamangira kunena kuti ndi tsempho, makolo n'kuyamba kulozana zala. Ameneyo ndi mwana woyenera kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa anyamata ndi ana asukulu, vuto lofala ndi zipere. Zimasiya timabwalo topanda tsitsi tokhala ndi mfundu, ndipo zimafala pobwerekana zipeso, zipewa komanso kudzera m'makina ometera osapukutidwa bwino. Zipere za m'mutu sizitherapo ndi mankhwala opaka okha ayi. Zimafuna mapiritsi, monga griseofulvin, omwa kwa masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Zopaka mafuta a mabuleki kapena madzi a m'batire zija n'kungodziwotcha khungu, ndipo pachipsera tsitsi silimeranso.

Atsikana, tiyeni tinene chilungamo. Kuluka kokoka kwambiri, mpaka munthu kulephera kugona usiku woyamba, kumazula tsitsi la pamphumi ndi m'mbali mwa makutu. Mukawonjezapo mankhwala owongolera tsitsi ndiye kuti mwalilanga kawiri. Mukaona timatuza m'mphepete mwa mizere, masulani msanga ndipo mulipumitse kwa miyezi ingapo. Mukapitiriza kwa zaka, mizu imafa ndipo palibe mafuta a pamsika wa Mitundu amene angaidzutse, kaya wogulitsa alumbire chotani.

Palinso chindoko, chimene chikakhalitsa m'thupi chimathothola tsitsi mwa apo ndi apo ngati ladyedwa ndi njenjete. Chimenechi chimachizika ndi jakisoni, koma onse awiri ogonana ayenera kulandira chithandizo. Dazi lokha ndi la kumtundu, ndipo ena limawayamba asanakwanitse zaka 30. Si matenda. Kumeta mpala n'kotchipa kusiyana ndi kulimbana nalo.

Tsono onani kuchuluka kwa zifukwa zimenezi. Wa pamjigo uja angadziwe bwanji kuti mwa zonsezi mnzake chamugwira n'chiti? Ine ndikuona kuti gulu la achinyamata lenileni liyenera kuchita zosiyana. Mnzathu akayamba kuvala duku kapena chipewa osavula, ndipo wasiya kubwera ku mpira, tisamuvule pofuna kuseketsa anthu. Mmodzi amene amagwirizana naye acheze naye pambali, ndipo ngati tsitsilo lakhala likuthothoka kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi, kapena pali zilonda, kuonda ndi kutsokomola, amuperekeze ku chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje. Kumeneko akaona m'mutu ndi kuyeza kuchuluka kwa magazi, ndipo zikavuta atumizidwa ku Kamuzu Central.

Woperekezayo naye ayezetse HIV limodzi ndi mnzakeyo, angakhale tsitsi lake ndi lodzaza mutu. Kuyezetsa ndi kwaulere m'zipatala za boma, zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba kulandira ma ARV osadikira kuti adwale kaye.