Tisapeputse Kanchenche ka pa Mango

Nyengo ya mango ikafika, tinchenche tating'ono timaunjikana pa zipatso zoola pa msika wa Kapata muno mu Chipata. Ambiri amangotipirikitsa. Koma kanchenche aka, kamene akatswiri amakachula Drosophila, ndi mphunzitsi wamkulu wa zaumoyo.

Kalibe mapapo, kamapumira m'timipaipi tamphanda tofika thupi lonse. Pamene timipaipito tikuumbika m'dzira, ma enzyme ochedwa caspase amapha maselo osafunika, monga mlimi amapatulira cimanga kuti cotsalaco cikule bwino. Mu 2019, ofufuza a pa Northwestern University ku America anapeza kuti imodzi mwa iwo, DrICE, imathandizanso kutalikitsa timipaipito popanda kupha selo.

Nanga zikukhudza bwanji munthu? Ma caspase alinso m'thupi lake. Ndiwo amalekanitsa zala za mwana akali m'mimba. Maselo oonongeka akakana kufa, khansa imayamba. Kacilombo ka HPV kamatsekereza imfa ya maselo otere pa khomo la cibelekero, ndipo khansa imeneyi ikupha azimai ambiri mu Zambia.

Tinchenche togwidwa ku Siavonga timafufuzidwa m'maiko akutali. Kodi n'cifukwa ciani ana a dziko lino sangagwire nchitoyi? Kuweta tinchenche sikudula. Boma liike ndalama m'kafukufuku wotere pa University of Zambia.

Pakali pano, azimai apite kukapimitsa ku Chipata Central Hospital, ndipo atsikana alandire katemera wa HPV.