Rimoti ya Geti si Choseweretsa Ana

Inu a ku Salisbury Lines kuno ku Mzuzu, tiyeni tikambirane za geti.

Masiku ano makomo ena ali ndi geti lachitsulo loyenda pa njanji. Ena aikako mota, ndipo amalitsekula ndi rimoti ali m'galimoto. Palibe cholakwika. Koma getili ndi lolemera, ndipo mota ilibe maso. Choncho rimoti si choseweretsa ana.

Dera lathu ndi lotsika. Mvula ikagwa, matope ndi mchenga zimadzaza m'njanji. Mawilo amakanika kuyenda, mota imalimbana nawo mpaka kupsa. Sesani njanjiyo pafupipafupi. Bokosi la mota likhale pokwera, madzi asalowemo. Musagwire mawaya musanazimitse magetsi.

Onaninso kachitsulo koimitsa geti kumapeto kwa njanji. Kakathyoka, geti limatha kupitirira n'kugwera munthu. Itanani wowotcherera zitsulo akakonze tsiku lomwelo.

Magetsi akazima, pali kiyi womasulira mota kuti geti mulikankhe ndi manja. Wamkulu aliyense pakhomo adziwe pomwe kiyiyo amakhala.

Marimoti ena amayendera kabatire kooneka ngati kandalama kachitsulo. Mwana akakameza, kamawotcha kummero m'maola ochepa chabe. Musadikire kuti ayambe kudandaula. Thamangirani naye ku Mzuzu Central Hospital.

Ndibwereze: rimoti si choseweretsa ana. Ikani patali, pomwe manja awo safika.

Inu bambo, inu mayi, musanadine batani lero, yambani mwaona ngati pageti palibe mwana.